Machesi ndi oyatsira mbaula, osati otokosera makutu a ana

Dzinja lathali mwana wanga wachiwiri, wa zaka 7, anadwala khutu katatu kuyambira Disembala mpaka Malichi. Nthawi zonse lakumanzere. Limayamba ndi kuyabwa, kenako ukangogwira khutulo ngakhale pomuvula malaya, mfuu yake anansi kumva. Ine mlandu wonse ndinaupachika pa mtsinje wa Lunkhwakwa, poti iye ndi anzake akaweruka kusukulu samachokako. Ndinamuletsa, ndinamukalipira, koma khutu linabwereranso.

Ulendo wachitatu kukiliniki, a nesi atasuzumira ndi katochi kawo anandifunsa kuti, "Amayi, kodi mumamutokosa ndi chiyani mwanayu?" Manyazi anandigwira. Lamlungu lililonse tisanapite kutchalitchi ndinkakulunga thonje ku kamtengo ka machesi n'kuwasesa ana onse makutu mmodzimmodzi, monga ankatichitira amayi anga ndi nthenga ya nkhuku. Ndinkadziona ngati mayi waukhondo kwabasi.

Maganizo anga tsopano ndi akuti madzi timawanamizira mopitirira. Inde, akatsalira m'khutu amafewetsa khungu la m'ngalande ya khutu, ndipo nyengo ya mvula kuno ku Chipata, kutentha pamodzi ndi chinyezi, tizilombo timaswana mosavuta. Koma chitseko timatsegula ndife. Phula la m'khutu lija timanyansidwa nalo ndi mlonda: limatchinga madzi, lili ndi kuwawasa kumene mabakiteriya sakukonda, ndipo limatuluka lokha pang'onopang'ono. Ukalipala, khungu la m'katimo, lomwe ndi lopyapyala kwambiri, limakandika. Tizilombo ngati Pseudomonas, tokonda malo onyowa, kapena nguwi yonga ija imamera pa nsima yogona, timapeza polowera. Khutu likamapola limayabwa, mwana n'kulowetsamo pensulo, mayi n'kubweranso ndi machesi ake, matenda n'kuyambiranso. Timitengo ta thonje togula m'sitolo musati n'tabwinoko. Timangokankhira phula m'kati.

Cholakwa changa china: mankhwala odontheza ndinkasiya tsiku lachitatu mwana akangoyamba kuseka, chonsecho anandiuza masiku 7. Ndiponso ndinkadontheza ali chiimire, mankhwala n'kuyenderera patsaya. Amafunika agone chammbali, khutu lodwala lili kumwamba, ukokere khutulo pang'ono kuti madontho atsike, akhale choncho mphindi ngati 5. Kuti mwana wa zaka 7 agone duu mphindi 5 ndi nkhondo, ine ndimachita kumupatsa foni.

Pano akasamba amapendeketsa mutu uku ndi uku madzi atuluke, ndimapukuta kunja kokha ndi nsonga ya thaulo, basi. Masiku amene ankalandira mankhwala, posamba ndinkamutseka khutu ndi kathonje kopaka Vaseline kuti sopo ndi madzi zisalowe, ndipo kumtsinje sanapondeko mpaka litapoleratu.

Ambuye ake atabwera kuchokera ku Katete anati, "Amake mwana, bwanji osangothiramo tisaladi totentha pang'ono? Ife tinakula choncho." Ndinakana mwaulemu. Pali matenda ena a khutu a m'kati, aja amabwera pambuyo pa chimfine mwana n'kutentha thupi, amene nthawi zina amaboola kachikopa kamene timamvera, mafinya n'kumatuluka. Ndi maso athu kunyumba sitingadziwe ngati kachikopako kali bwino kapena kabooka, ndiye saladi, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere zikhoza kulowa kumene siziyenera kufika. Mafinya akatuluka, khutu likatupa kapena mwana akayamba kusamva bwino, apite akamuone ndi katochi kaja.

Komanso ngati khutu likungobwerabwera inu musakutokosa, auzeni akuchipatala ayang'ane khungu lonse la mwanayo. Wanga anapezeka kuti ali ndi tizidzolo toyabwa kuseri kwa makutu ndi m'mutu, ndipo n'timene tinkamuchititsa kudzikanda usiku. Zikhadabo ndimamuwenga Loweruka lililonse tsopano.

Ku Lunkhwakwa ndikudziwa amapitabe mozemba, kabudula amabwera wonyowa. Koma chichokereni Epulo khutu lija silinadwalenso, ndipo machesi ndinawabweza pafupi ndi mbaula.