Tulutsani zida m'kabati, ana aphunzire ndi khutu

Akuluakulu a mipingo kuno ku Chipata, ndili ndi pempho. Kiyibodi ndi magitala amene mumatsekera m'kabati kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, muziwatulutsa madzulo, achinyamata azisonkhana n'kumaphunzitsana okhaokha. Mantha anu ndikuwamva, zidazo zinagulidwa ndi zopereka za anthu. Sankhani mkulu mmodzi azikhala nawo, koma chitseko chitseguke.

Masiku ano mnyamata amakhala yekha m'chipinda ku Kapata kapena ku Mchini, foni m'manja, kuonera pa YouTube poika zala. Nyimboyo amaitha ndithu, koma m'kiyi imodzi yokha. Lamulungu mayi wa chigwirizano akangoyambitsa kolasi pamene mmero wake wafuna, mnyamata uja ali kalikiliki kusaka batani la transpose lokwezera kapena kutsitsira kiyi ya nyimbo, mpingo wafika kale pa ndime yachiwiri. Si ulesi ayi. Khutu lake silinazolowere kutsata mawu a munthu wamoyo, amene amakwera, kutsika, n'kuthamanga nyimbo ikamufika pamtima.

Pagulu zimenezi zimalowa zokha. Wa besi akangokuponyera diso, wadziwa kuti wasochera. Mnzako amakuimbira mzerewo pakamwa, iwe n'kumausaka pa zingwe mpaka utaugwira. Wina amakudzudzula kuti chepetsa, ukukwirira oimba. Foni singakuuze zimenezo, chifukwa siikumva.

Ndipo kwa ife si zachilendo. Oliza ng'oma amene timawasirira ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, ambiri anayambira pa zitini ndi zigubu ali ana. Kenako anapatsidwa ng'oma yongosunga kagundidwe kamodzi, osasintha, osatopa, ndipo papita nthawi asanaloledwe kugwira mbalule, imene imayenda ndi mapazi a wovina. Gule Wamkulu, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005, ng'oma zake zadutsa mibadwo kudzera m'makutu, popanda pepala.

Aphunzitsi a kwaya olemba do-re-mi pa bolodi sindikuwanyoza, ntchito yawo ndi yabwino. Koma mwana wozolowera kumva, zolembazo amazigwira msanga, popeza akuona ndi maso chimene khutu likuchidziwa kale.

Masiku awiri pa sabata, ana akaweruka kusukulu mpaka dzuwa kulowa, akwanira poyambira. Ndipo atsikana musamangowapatsa maikolofoni. Nawonso agwire gitala, akhale pa kiyibodi.