Kodi kadi wanuyo munamuonapo akumenya mpira?

Loweruka lapitali ndimadutsa chapafupi ndi bwalo la gofu la Blantyre Sports Club, ndiye ndinaima kaye kuonerera. Kutsogolo mabwana atatu, m'mbuyo anyamata atatu atasenza zikwama za ndodo, aja amati makadi. Bwana wina asanamenye anacheuka kufunsa kadi wake. Mnyamatayo anangoyang'ana mitengo kuti aone kumene mphepo ikulowera, n'kusolola ndodo ina kumupatsa. Bwana kumenya, mpira kukatera pafupi ndi dzenje. Anzake anaombera m'manja bwanayo. Kadi anangopukuta ndodo n'kuibwezera m'chikwama.

Ine gofu sindisewera, thumba langa silingalole. Koma zimene ndinaonazo zinandikumbutsa munthu wina wa ku Durban ku South Africa, Sewsunker Sewgolum, amene anthu ankangomutchula kuti Papwa.

Papwa anabadwa mu 1928 m'banja losauka lachimwenye. Kusukulu sanapite, kulemba ndi kuwerenga sankadziwa. Anakula akunyamula zikwama za azungu pa bwalo la Beachwood, ndipo gofu anaphunzira poonera. Ngakhale kagwiridwe kake ka ndodo kanali kotembenuza, dzanja lamanzere pansi lamanja pamwamba, kamene mphunzitsi aliyense akanamuletsa tsiku loyamba. Mmodzi mwa anthu amene ankawanyamulira chikwama anali Graham Wulff, yemwe anapanga mafuta odzola aja a Oil of Olay. Bamboyu ataona mmene kadiyo amamenyera, sanangomuyamikira pakamwa ayi. Mu 1959 anamukweza m'ndege yake yaing'ono mpaka ku Ulaya. Chaka chomwecho Papwa anapambana mpikisano wa Dutch Open. Anapambananso mu 1960, ndiponso mu 1964.

Kwawo ndiye kunali zina. Anatenga Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 anaitenganso atagonjetsa Gary Player weniweniyo, mzungu wa ku South Africa yemwe anali katswiri wotchuka padziko lonse. Koma malamulo a tsankho sankalola munthu wa khungu ngati lake kulowa m'nyumba ya kalabu, moti chikho china anachilandirira panja mvula ikumunyowetsa, azungu ali pouma m'kati. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse. Boma la South Africa m'malo mochita manyazi linamuletsa kusewera mipikisano ya azungu, kenaka linamulanda pasipoti kuti asakasewerenso kunja. Anamwalira mu 1978 ali mmphawi, asanakwanitse n'komwe zaka 50.

Anthu akamakamba za Papwa amathera pa mvulayo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi ndegeyo. Luso anali nalo kalekale, zaka zonse zimene ankayenda m'mbuyo mwa azungu. Chimene chinkasowa chinali cha ulendo basi. Ndipo pamene anafika ku Ulaya anali atapitirira kale zaka 30. Zaka zingati zinapita pachabe?

Ambirife timaganiza kuti katswiri wa gofu ndi munthu wolemera, chifukwa timaona Tiger Woods pa kanema. Koma gofu si ngati mpira wamiyendo kumene wosewera wa Bullets kapena Wanderers amakwera basi ya timu n'kumadikira malipiro pakutha pa mwezi. Wa gofu amadzilipirira yekha zonse: ulendo, kogona, chakudya, ndalama yolowera mpikisano, komanso kadi wake. Mipikisano yaikulu imatenga masiku anayi, mayenje 72. Akatha masiku awiri oyamba amadula mzere, ndipo pafupifupi theka la osewera amabwerera kwawo. Nthawi zambiri wogwera kunsi kwa mzerewo salandira ngakhale tambala. Tangoganizani mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mbayani wakongola ndalama, wakwera basi kudzera pa Mwanza ndi Tete mpaka ku Johannesburg, wafika miyendo itatupa, waphonya mzere ndi kamenyedwe kamodzi kokha. Abwereranso kachiwiri? Ndi ndalama ya ndani?

Koma amene anapirira zoterezi alipo. Vincent Tshabalala wa ku Alexandra ku Johannesburg nayenso anayambira ukadi, ndipo mu 1976 anakatenga French Open. Vijay Singh wa ku Fiji anavutika zaka zambiri, mpaka kukaphunzitsa gofu kumidzi ya ku Borneo, ndipo anadzadzukira mu Africa momwe muno pamene anapambana Nigerian Open mu 1988. Mu 2004 anali nambala wani padziko lonse. Nanga Nick Price si anakulira pa Zimbabwe pompa? Mu 1994 anatenga The Open ndi PGA Championship, iwiri mwa mipikisano yaikulu kwambiri ya gofu padziko, chaka chimodzi. Inde, Price anali mzungu wokhala ndi mwayi umene kadi alibe, ndikudziwa, musandikumbutse.

Ena anena kuti dziko lili ndi mavuto a chimanga ndi mafuta, iwe ukukamba za gofu. Zoona. N'chifukwa chake sindikupempha boma kanthu. Ndikulankhula ndi inu mabwana amene Loweruka lililonse mumakhala pa bwalo, ku Blantyre kuno kaya ku Limbe, inu amene makampani anu amathandiza mipikisano ya tsiku limodzi yomwe opambana ake mumakhala inu nomwe, mphoto yake firiji imene kunyumba muli nayo kale. Ndalama ya firijiyo ndi ya chakumwa cha madzulo ake ingathe kutumiza mnyamata mmodzi ku mipikisano ingapo kunja. Osati umodzi, chifukwa ulendo woyamba aphonya mzere, zimenezo yembekezerani. Mumutumize kachitatu, kachinayi, mpaka mantha atamuchoka.

Ndodo zakale zimene zikuchita dzimbiri m'galaja mwanu, mupatseni. Tsiku lina mukafika pa dzenje lachitatu, mupatseni ndodo ndi mpira, inu muime pambali ndi chikwamacho. Wakhala akukuuzani ndodo yoyenera zaka zisanu, koma kodi munamuonapo iye akumenya?