Kadyedwe ka mayi kasamalidwe mimba isanaoneke

Maganizo anga ndi akuti timachedwa. Timayamba kusamala zimene mayi akudya mimba itaonekera kale, chonsecho ntchito yaikulu imachitika m'masabata oyambirira, mwiniwakeyo asanadziwe n'komwe kuti waima.

Chakudya sichisintha majini, malangizo a kapangidwe ka thupi olembedwa mu DNA, amene mwana watengera kwa makolo ake. Chimene chakudya chimakhudza ndi tizidindo tating'ono totchedwa methyl tomwe timamatirira pa DNA n'kumauza jini kuti igwire ntchito kapena ikhale chete. Izi ndi zomwe akatswiri amati epigenetics. Kuti thupi lipange tizidindoti limadalira michere ya m'zakudya yotchedwa folate, choline ndi vitamini B12.

Umboni ulipo. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa mu 1944 mpaka 1945. Mu 2008 ofufuza anapeza kuti anthu amene mimba zawo zinayamba m'kati mwa njalayo anali ndi tizidindo tochepa pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2, poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi, patadutsa zaka 60. Amene njala inawapeza atatsala pang'ono kubadwa analibe kusiyana kumeneku. Ku Gambia nakonso, m'midzi yozungulira Keneba, ana a mimba zoyamba nthawi ya dzinja amasiyana tizidindoti ndi anzawo a mimba za m'chilimwe. Ife amene nkhokwe zathu zimauma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhani imeneyi isatidutse.

Mayi amene akufuna mwana ayambiretu kumwa folic acid, yemwe ndi folate wa m'mapiritsi, mamaikulogalamu 400 patsiku. Njira ya msana ndi ubongo wa mwana imatsekeka pofika tsiku la 28 la mimba, ndiye woyamba sikelo ali ndi miyezi isanu wapeza chitseko chitatsekedwa. Mapiritsi owonjezera magazi aja asamwere tiyi, poti tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi.

Folate ali mu nyemba, nandolo, mtedza, bonongwe ndi nkhwani, koma kuwiritsa masamba nthawi yaitali, kuthiramo soda kapena kutaya msuzi wake kumamuwononga. B12 sapezeka m'masamba; ali mu usipa, matemba, nyama ndi mkaka. Mtedza ndi chimanga zachuku zitayidwe, chifukwa poizoni wake, aflatoxin, amafika kwa mwana m'mimba.

Chimandiwawa kwambiri ndi mwambo woletsa mayi woyembekezera kudya mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Choline amene ubongo wa mwana ukufuna ali m'mbali yachikasu ya dzira lomwelo. Inu abambo ndi apongozi, amene mawu anu amamveka pakhomo, musamulande dziralo.