FD30 ndi Class 0 si manambala wamba

Zikomo alembi ponena kuti mawu a m'malamulo oteteza ku moto anthu wamba tiziwamvetsa. Ine ndimasamalira okalamba kuno ku England, ndipo zitseko za zipinda zawo ndi za FD30. Poyamba ndinkayesa nambala ya kufakitale basi. Mnzanga ndiye anandiuza kuti chitsekocho chimatchinga moto kwa mphindi 30, koma pokhapokha chili chotseka. Chiyambire tsiku limenelo, ndikapeza wina wachiimika ndi mpando kuti kamphepo kazilowa, mpandowo ndimauchotsa pompo.

Chimene chimandiwawa mtima ndi Grenfell Tower, nyumba yansanjika zambiri yokhalamo anthu ku London, komwe moto wa pa 14 June 2017 unapha anthu 72. Class 0, mlingo wa m'malamulo a zomangamanga umene ankayezera zokutira nyumba ngati imeneyi, inkangoyeza mmene moto umayendera pamwamba pa chinthu, koma omanga ambiri ankamva ngati chinthucho sichingapse. Mapanelo amene anakutira nyumbayo anali aluminiyamu kunja, m'kati muli pulasitiki ya polyethylene yoyaka ngati mafuta. Moto unayambira pa firiji pansanjika yachinayi, mphindi 40 zisanathe unali utafika pamwamba penipeni.