Za Nvidia ndi China zi, sizamalamulo zokha ayi

Mwalemba bwino achimwene kuti China inayamba kufufuza Nvidia, kampani ya ku America yopanga ma chip (tizipangizo toyendetsa makompyuta ndi mafoni), pa nkhani yopondereza anzake pamsika, koma taonaninso nthawi yake. America inakhwimitsa malamulo ogulitsa ma chip ku China pa 2 December 2024, patangotha sabata imodzi basi China inatulukira ndi nkhani ya Mellanox, kampani yomwe Nvidia inagula mu 2020 a China omwewo atavomereza, ndiye mukuti zangochitika mwangozi? Ayi ndithu, uku nkubwezerana.

Komabe makampaniwa sindikuwamvera chisoni ine. Qualcomm, kampani ina ya ku America ya ma chip a mafoni, inalipitsidwa $975 miliyoni ku China mu 2015 chifukwa chodulitsa ma layisensi, ndipo ndalama za ma layisensizo zimathera pa mtengo wa foni yomwe ndagwira m'manjamu, zimandiwawa zedi.