Kirimu wometera wa Castle Forbes, patha miyezi inayi tsopano

Abale anga amene mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti khosi lija lachita bwanji kuti lisalale chonchi, lero ndiyankhe pagulu kuti aliyense amve. Palibe wandilipira, ndagula ndekha ndi mapaundi anga a shifiti ya usiku, ndiye zomwe ndikulembazi ndi zomwe khungu langa laona basi.

Amene tinaphunzira limodzi mukukumbuka mmene khosi langa linalili kuyambira Fomu 3 ndevu zitangoyamba kumera. Tiziphuphu tokhatokha kuyambira pachibwano mpaka pakholingo, tina tamafinya, tikapola n'kusiya mabanga akuda. Ndinayesa zonse amwene. Ku barbershop amameta ndi mashini kenako n'kukupaka sipiriti wapepo uja, kuwawa kwake mpaka misozi, pakapita masiku awiri tiziphuphu tabwereranso. Ndinayesa ufa wometera uja wosungunula m'madzi, wonunkha ngati mazira owola, tsiku lina ndinauchedwetsa pang'ono kuchotsa ndipo unandiwotcha moti sabata yonse madzi akakhudza ndimalumpha. Nditabwera kuno ku Reading, ku England, ndinaganiza kuti basi mavuto atha poti m'mashopu mwadzaza ma sheva apamwamba a timalezala tisanu ndi thovu la m'chitini chopopera, koma ndi pomwe zinanyanyira, kolala ya yunifomu yanga imakhala ndi timadontho ta magazi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ntchito yathu yosamalira okalambayi umawerama pafupi ndi nkhope ya munthu, manyazi ake si masewera.

Chomwe sindinkadziwa nthawi yonseyo ndi chakuti vutoli lili ndi dzina lake kuchipatala, amati pseudofolliculitis barbae, ndipo limagwira kwambiri ife a tsitsi lopotana. Tsitsi lathu silimera mowongoka, limapindika ngati mbedza. Ukalidula mpaka pansi kwambiri nsonga yake imakhala yosongoka, ndiye likamamera limakhota n'kubaya khungu lomwelo kapena kukanirira mkati osatuluka, thupi n'kumalimbana nalo ngati munga walowa, ndiye kutupa kuja. Tsono ma sheva a timalezala tambiri aja anapangidwa dala kuti koyamba kazikoka tsitsi, kotsatira n'kudula lisanabwerere, mapeto ake tsitsi limadukira kunsi kwa khungu. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka zimamukomera chifukwa amasalala ngati mwana. Kwa ine ndi iwe ndiye msampha. Sheva ya timalezala tiwiri inabwera mu 1971, ya titatu mu 1998, ya tisanu mu 2006, kumangowonjezera chomwe khosi langa silifuna.

Ndipo ndikaganiza bwinobwino yankho ndinkaliona ndili mwana. Madala anga malemu anagwirako ntchito m'migodi ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo zina mwa zomwe anabwera nazo kumudzi ku Ntcheu ndi kachitsulo kometera, kaja komasula kumpini n'kuikamo lezala limodzi la mbali ziwiri. Lamulungu lililonse m'mawa tisanapite ku tchalitchi ankakhala pa mpando wandalema pansi pa mtengo wa mango, kagalasi kong'ambika pakona atakatsamiritsa pa njerwa, beseni la madzi ofunda omwe mayi awaphulira pamoto, sopo wa Sunlight yemweyo wochapira, kaburashi kothothoka ubweya mbali imodzi. Ankayamba anyowetsa nkhope nthawi yaitali osathamanga, akumvera wailesi. Lezala la Minora likabuntha ankatipatsa ife kuti tizisongolera mapensulo. Ndevu zawo zinali zopotana kuposa zanga koma chiphuphu sindinachionepo pakhosi pawo olo kamodzi.

Ndiye chaka chatha ndinagula kachitsulo kanga, Edwin Jagger DE89 yopangidwa ku Sheffield, ndi burashi. Maburashi okwera mtengo amapanga ndi ubweya wa badger, kanyama kofananako ndi chiuli, ena ndi ubweya wa nkhumba, koma ine ndinatenga ya ulusi wochita kupanga ndipo ikundikwanira bwinobwino, imauma msanga. Kirimu ndinayambira Proraso wa ku Italy, wobiriwira uja wa bulugamu ndi menthol, amazizirira bwino kwabasi ndipo mtengo wake ndi wa munthu wamba. Kenako ndinayesa Sandalwood wa Taylor of Old Bond Street. Ukalowa m'nkhani zometazi mayina omwe umamva tsiku ndi tsiku ndi a ku London omwewo, Truefitt & Hill omwe anayamba mu 1805, Taylor mu 1854, Geo. F. Trumper mu 1875, ndipo ulemu wawo ndi oyenera, katundu wawo ndi wabwino zedi.

Castle Forbes ndi ina. Simungaipeze pa shelefu mu supamaketi, anzanga a kuntchito obadwira konkuno nditawafunsa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimvapo. Ndi kakampani kakang'ono ka ku Scotland, ku Aberdeenshire kufupi ndi tauni ya Alford, pamalo a banja la a Forbes, ndipo ntchito ya zonunkhiritsayi anaiyambira m'kanyumba komwe kale kanali ka mkaka. Mafungo awo otchuka ndi atatu, Lime, Lavender, ndi Cedarwood wosakaniza ndi Sandalwood. Ine ndinatenga Lime, kakontena ka 200 ml. Ndinakhala masabata awiri ndikungoyang'ana mtengo pa foni osadina, chifukwa ndalama yake ungagulire machubu angapo a Proraso, ndipo ife tili kunja kuno paundi iliyonse umaiwerengera kuti kumudzi ikanagula chiyani, feteleza, fizi ya mwana wa achemwali. Mayi akunyumba ndi amene anandiuza kuti bambo gulani, zaka zonsezi mwavutika nalo khosili.

Nditatsegula kakontenako fungo lomwe linatuluka linandibweza kumudzi nthawi yomweyo. Si fungo la ndimu la m'masopo otsukira mbale lija ayi. Ndi ndimu weniweni wobiriwira amene wangodulidwa kumene, kakhambi ka khungu lake kamene kamatsalira m'zala ukafinyira pa nsomba yowotcha. Amagwiritsa ntchito mafuta ochokera ku zomera zenizenizo, ndipo mphuno imadziwa kusiyana kwake. Silikhalitsa pankhope, ukasamba latha, zomwe kwa ine ndi zabwino chifukwa kuntchito kwathu sitifunika kununkhira kwambiri pafupi ndi odwala.

Kirimuyo ndi wolimba, wokhuthala ngati chiponde chomwe chakhalitsa, si wamadzimadzi ngati ena aja. Tsiku loyamba ndinatapa wambiri ngati mmene ndimachitira ndi Proraso n'kuthira madzi pang'ono, thovu linatuluka louma lomata, lezala limangokakamira. Vuto linali langa, kirimu ameneyu amamwa madzi kwambiri, komanso madzi a kuno ku Reading ndi a laimu wambiri, amene muli kumwera kwa England mukudziwa mmene ketulo imayerera mkati, ndipo madzi otere amavuta kuchita thovu. Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinapeza muyezo wake. Kutapa kochepa ngati njere imodzi ya mtedza, kuika m'kambale, burashi yonyowa koma yokutumula pang'ono, n'kumazunguza uku ukudonthezera madzi ndi nsonga za zala, dontho dontho, mwina kanayi kapena kasanu. Poyamba pamabwera thovu la timabowo tikulutikulu ngati la sopo wochapira, osasiyira pamenepo, pitirizani. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri timabowo timasowa, thovu limasanduka losalala lonyezimira ngati yogati, ukakweza burashi limaima nsonga osagwa. Ukalipaka pakati pa zala ziwiri n'kutikita umamva kuterera ngati therere. Pamenepo ndiye lapsa.

Kuterera kumeneko ndi komwe ndikulipira ndalama zanga, osati fungo kapena dzina la chinyumba cha a Forbes ku Scotland. Makirimu a burashiwa kwenikweni ndi sopo wofewa, amapanga ndi stearic acid ndi potassium hydroxide n'kuikamo glycerin wothandiza kusunga chinyezi, ndipo ntchito yake ndi iwiri, kusunga madzi pa ndevu kuti zifewe ndi kuchititsa lezala kutsetsereka m'malo mopala khungu. Tsitsi louma ndi lolimba kwambiri, likamwa madzi ofunda kwa mphindi zingapo limafewa n'kumaduka mosavuta. Chomwe ndaona ndi Castle Forbes ndi chakuti olo lezala litadutsa n'kuchotsa thovu lonse, khungu limatsalabe loterera, ndiye ukabwereza pamalo pomwe pakana sipapalika. Kwa munthu wa khosi ngati langa kusiyana kwake kuli pomwepo, chifukwa kubwerezabwereza pouma ndi komwe kumabala moto uja.

Mametedwe anga pano ali chonchi. Ndimameta ndikangotuluka m'bafa nkhope ikadali yofunda. Ndimapaka thovu ndi burashi mozungulira kuti ndevu zogona zija zidzuke. Kachitsulo ndimakagwira mopepuka kumapeto kwa mpini, sindikanikiza, kulemera kwake komweko kumakwana, lezala litapendekeka pafupifupi madigiri 30, ndipo ukapeza ngodya yoyenera umachita kumva ndi khutu, kaphokoso kakuti tswee tswee ngati ukupala buledi wowotcha. Ndimatsatira komwe tsitsi likulowera. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timaganiza kuti ndevu zonse zimaloza pansi, koma ine nditazisiya masiku atatu n'kusisita ndi chala ndinapeza kuti pansi pa chibwano kumanja zimalowera chakukhutu, ndipo pafupi ndi kholingo zimachita kuzungulira ngati kamvuluvulu. Zaka zonse zija ndinkameta mosemphana nazo osadziwa. M'masaya ndimadutsa kachiwiri mopingasa, pakhosi kamodzi kokha basi, ndipo sindikoka khungu kuti likungike. Pomaliza madzi ozizira, kamwala ka alamu koletsa magazi pomwe wadzicheka pang'ono, ndi mafuta opanda sipiriti. Sindisalala ngati galasi, ukasisita mokweza umamvabe timinga, ndipo ndi mmene ndikufunira, chifukwa tsitsi likatsalira pamwamba pa khungu silibwerera mkati.

Tsono ndinene chilungamo kuti wina asakalowe ngongole chifukwa cha ine. Chomwe chinachotsa tiziphuphu tambiri ndi lezala limodzi, madzi ofunda ndi kutsatira njira ya tsitsi, ndipo zimenezo zinayamba kuoneka ndikadali pa Proraso. Castle Forbes wamaliza zotsala, kuwotcha kuja kwa pambuyo pometa kwatheratu, ndipo timalo tiwiri pambali pa kholingo tomwe sitinkamva mankhwala tapola, mabanga akuda akuzilala pang'onopang'ono. Pa nkhani ya mtengo, miyezi inayi ndikumeta katatu pa sabata kakontena sikanafike ndi pakati pomwe, ndipo malezala a Astra ndimagula paketi ya 100 pa ndalama yosafika ya timitu tinayi ta ma sheva aja. Ndikaphatikiza zonse ndikuwononga zochepa kuposa kale. Kwa ine ndi woyenera mtengo wake ndipo akatha ndigulanso.

Amene muli kumudzi, malezala a mbali ziwiri ali pa okala iliyonse, chongofunika ndi kachitsulo koikamo ndi burashi, chonde osameta ndi lezala lopanda chogwirira komanso osabwerekana malezala. Ngati khosi latupa kale lisiyeni kaye mwezi wathunthu ndevu zikule lipole musanayambe. Ngati tiziphuphu tanu tikusanduka zipsera zotupa zolimba zija, pitani kuchipatala akakuoneni, zimenezo kirimu sangathe.

Achimwene anga a ku Area 25 ali ndi khosi ngati lomwe ndinali nalo ine, ndawagulira kale kachitsulo ndi burashi, Disembala pali mnzanga akupita kumudzi awatengera, ndipo ndiwatapirako Lime wangayu m'kabotolo kuti ayese. Amene munagwiritsapo ntchito wa Cedarwood ndi Sandalwood uja mundiuze ngati amaterera chimodzimodzi, ndikufuna ndidzatenge ameneyo ulendo wotsatira.