Inu okoka ngolo ndi mapikapu, mukufuna mutiphere ana?

Loweruka lapitali ndinkatsika msewu wa Khwekhwelere, kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti, ndipo zimene ndinaona, mtima wanga sunakhalebe m'malo. Kutsogolo kwanga kunali twin cab ya nambala za ku Joni ikukoka kalavani, tinyumba ta matayala tija togonamo, ulendo wa kunyanja. Kuyambira pamwamba paja nyali za mabuleki sizinazime. Fungo la mabuleki akupsa linkafika mpaka m'galimoto yanga. Kenako kalavani ija inayamba kupukusa mchira, uku, uko, uku, n'kuikankha pikapu ija kumatako mpaka zonse zinapindana n'kukagwera m'ngalande ya mbali ya phiri. Ndi chisomo cha Mulungu kuti inali mbali imeneyo. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa chimene chili mbali inayo.

Titathamangira, tinapeza kuti ana awiri anali m'kalavani momwemo. M'kalavani, galimoto ikuyenda! Akuti kutsogolo malo anachepa. Tinawatulutsa akunjenjemera, wina magazi ali chuchuchu pamphumi chifukwa anawombedwa ndi botolo la gasi lomwe silinamangidwe n'komwe. Atate wake, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba, manja ali m'chiuno, ankangobwereza kuti galimoto yake imakoka matani atatu ndi theka, ndiye sakumvetsa chimene chachitika.

Sukumvetsa chiyani, mwana iwe?

Nambala ya 3,500 kg imene mumaloweza ngati vesi ya pa Sande sukulu ija ndikuidziwa. Hilux, Ranger, D-Max, zambiri zatsopanozi amazilembera zimenezo. Koma munawerengako mzere wotsatira? Nambala imeneyo ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki akeake. Ngolo yopanda mabuleki malire ake ndi 750 kg basi, matumba 15 a simenti, ndiye muchotsepo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Ndipo palinso nambala ina imene palibe amaitchula ku bawo, ya kulemera kwa zonse pamodzi, galimoto ndi ngolo yomwe. Pa mapikapu ambiri a msinkhu umenewu imakhala cha m'ma 6,000 kg. Chotsanipo 3,500 wanuyo. Chotsaninso pikapu yopanda kanthu, yomwe imaposa matani awiri. Chatsala n'chiyani? Inuyo, mayi a kunyumba, ana, ndi chikwama chimodzi. Nanga firiji ija, jenereta ija, madiramu a madzi aja, matumba a mpunga, apongozi ndi alamu omwe munawapanikiza kumbuyo, mwawawerengera pati? Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, galimoto siisiyanitsa kuti awa ndi madzi chabe.

Ine ndayendetsa magalimoto kuyambira ambiri a inu musanabadwe, ndipo ndikuuzani, injini ya dizilo ikoka chilichonse mungaimangirire. Ngakhale bulu amakoka ngolo yoposa msinkhu wake pamalo osalala. Tamufikitseni pamtsetse muone amene akulamula mnzake. Mukamadzitama kuti yakwera Chiweta osatsamwa, mwaganizako kuti itsika bwanji? Ndani anakuphunzitsani kutsika phiri pa giya yaikulu phazi lili pa buleki njira yonse? Ena mpaka mumachotsa giya kuti mupulumutse mafuta. Mafuta a ndalama zingati? Mabuleki akatentha amasiya kugwira, mupondereze mpaka pansi, ndipo nthawi imeneyo matani awiri ali kumsana kwanu sakufunsani kuti mukhotera kuti.

Za kapakiridwe ndiye zimandiwawa zedi. Katundu wolemera mumamuunjika kumchira kwa ngolo, kuseri kwa matayala, ati kuti pikapu isakhale pansi. Ngolo yopepuka kumutu imavina, aliyense woti anakokapo amadziwa. Pamutu pake payenera kutsamira gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena kuyandikira pamenepo. Enanso mumalakwitsa mbali inayo, mumadzaza kumutu mpaka masipuling'i kuwongokeratu, mphuno ya galimoto kuloza kumwamba, nyali zikuunika nthambi za mitengo ndi kuthobwa m'maso anzanu. Matayala akutsogolo akungokhudza phula pang'ono, ndiye mukhota ndi chiyani? Ngolo ikayamba kuvina mumatani? Mumaponda buleki mwadzidzidzi n'kumalimbana ndi chiwongolero, m'malo mochotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono ndi kugwira chiwongolero chilunjike. Ndiye mukuthamanga liwiro la 120 ngati mulibe kanthu kumbuyo, thiraki ikangokudutsani mphepo yake yokha ikukutayani.

Musaganize kuti ndikunena a makalavani okha, iwo ndi ochepa kuno. Ndikunenanso inu matransipota a Joni, amene mumanyamuka ndi ngolo zosanjikiza ngati chulu, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza. Mabedi pamwamba, njinga pamwamba pa mabedi, zigubu zikulendewera m'mbali, zonsezo pa timatayala tiwiri tong'aluka tomwe simukudziwa kuti tinapangidwa chaka chanji. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Mabering'i munawapaka girizi liti? Tayala lapadera la ngolo lili kuti? Chitsulo chokokera munakawotcheretsa kuseri kwa msika kwa mnyamata wopanga mawindo, palibe ndi kachizindikiro komwe kosonyeza kulemera kumene chingapirire. Tcheni chothandizira ngolo ikamasuka mulibe, mwamanga chingwe cha mbuzi. Nyali za kumbuyo sizigwira, mwapachika CD yakale ndi kansalu kofiira. Ngolo imeneyo ikaduka pa Lizulu tsiku la msika, amayi ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu aja alakwa chiyani?

Magalasi am'mbali nawo. Kalavani ndi yotakata kuposa galimoto, inu mukungoona khoma loyera, wa kabaza ali pambali panu simukumuona, ndiye mukukhota.

Laisensi yanu ndi yanji? Ku South Africa komwe mukuchokerako mukudziwa bwino kuti laisensi ya B imathera pa ngolo ya 750 kg, yoposa apo imafuna EB. Anaikiranji zimenezo? Chifukwa kubwerera chammbuyo ndi ngolo, kukhota nayo, kuima nayo, ndi luso lina lofunika kuphunzira. Inu mwagula kalavani Lachinayi, Lachisanu mwanyamula banja lonse ulendo wodutsa mayiko anayi, osayeserako ngakhale pabwalo la mpira. Safunsa anadya phula. Sikelo zilipo, mukanatha kukayeza musananyamuke n'kudziwa chimene mwanyamula, koma mumaopa kumva zoona. Wapolisi akakuimitsani mumathamangira m'thumba. Kodi phiri la Khwekhwelere nalo mulipatsa ya fanta?

Nanunso otumiza katundu muli ndi mlandu. Mukuona ndi maso anu kuti ngolo yadzaza, matayala aphwatalala, koma mukuchondererabe kuti akuikireniko kafiriji kamodzi kokha. Nanunso amayi, mukuvomera bwanji kuti mwana wanu akwere m'chinthu chopanda malamba, chopanda mpando woti n'kugwira, chokokedwa ndi kachitsulo kamodzi kochepa ngati chibakera?

Pikapu ikhoza kukoka kalavani, ine sindikukana. Ikhale kalavani ya msinkhu wake, ya mabuleki ogwira, yopakiridwa bwino, kumbuyo kwa pikapu kopepuka, woyendetsa wodekha amene amatsika phiri pa giya yaing'ono ndipo sachita manyazi kuima kuti mabuleki azizire. Ngati chimodzi mwa izi chikukuvutani, siyani ngolo pakhomo, kunyanja malo ogona alipo.

Mnyamata uja tinamusiya akuimbira foni anzake kuti amupezere kalavani ina yobwereka, ati tchuthi chisawonongeke. Mwana wake ali ndi bandeji kumutu. Manyazi mulibe, anthu inu.